Ng'azi mu Mpanda wa Ngaka

Padangotero. Vomerani ndithu kuti tili limodzi, chifukwa nkhani iyi ndikamainena ndekha imandipsetsa mtima.

Chinali chaka chimene alenje anachuluka kuposa nyama. Mfumu Njati itaona kuti obwera kudzailonjera akucheperachepera, inalamula kuti amange mpanda kuzungulira chulu chachikulu, pakhomo aikepo anungu ndi minga yawo, ndipo m'katimo mulowe nyama imene mtundu wake watsala pang'ono kutha. Malo anali a banja limodzi lokha, poti anungu ovomera kulondera anangopezeka asanu. Aliyense ankadziwa kuti malowo ndi a Ngaka. Chovuta chinali chakuti pabwalo lonselo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuonapo Ngaka ndi maso ake.

Ntchito yofufuza anaipereka kwa nduna yaikulu, a Nang'omba, mbalame yakuda ya mmero wofiira ija, imene ikalankhula mumayesa wina akusinja mu mtondo. Iwo anakonza mafunso atatu, limodzi pa tsiku: mtundu wako ndi uti, kwanu n'kuti, mwatsala angati. Za Ngaka ankangodziwa zimene anamva kwa agogo awo akadali m'chisa, koma ankayenda nazo monyang'wa ngati anabadwa naye bere limodzi.

Ngaka mwini wake anali mayi wamasiye wa mwana mmodzi, kamwana kokwera pamchira. Mwamuna wake alenje anali atapita naye chaka chapitacho. Tsopano tchire linali litayamba kupsa, agalu akumveka pafupi, ndipo mayiyu ankadziwa kuti akapanda kulowa mu mpanda uja, mwanayo sakula. Koma ngaka ali ndi chibadwa chake. Akamva phokoso sathawa, saluma, pakuti alibe ndi dzino lomwe. Amangodzipinda ngati nkhata, mwana m'kati, mamba kunja, basi.

Tsiku lina akunyambita nyerere pa chulu cha m'mbali mwa mtsinje, anakumana ndi Ng'azi, buluzi wamkulu wa m'madzi uja. Ng'azi mimba inali italemera ndi mazira. Chaka ndi chaka ankaikira m'chulu, ndipo chaka ndi chaka Chiuli ankabwera n'kufukula onse. Za chulu cha alonda asanu anali atazimva, ndipo zinkamusowetsa mtendere.

"Achemwali, nkhope yagwa bwanji?" anafunsa Ng'azi.

"Ndikufuna kupita kubwalo," anayankha Ngaka chapansipansi, "koma a Nang'omba akangotsokomola ine ndidzipinda. Nanga ndiyankha bwanji ndili chopinda?"

"Zochepa zimenezo! Pakamwa ndili napo ine. Taonani, inu mamba, ine mamba. Inu lilime lalitali, ine lalitali. Inu mchira, ine mchira. Si pachibale pamenepa?"

"Komatu inu mumaikira mazira, ine ndimayamwitsa."

"Aaa, m'banja lililonse mumakhala tosiyanasiyana. Inu mungolowa m'dengu umu, ndikuvundikireni ndi lichero kuti phokoso lisakuvuteni. Zolankhula zonse mundisiyire ine."

Kunena zoona, chibale cha Ng'azi ndi Ngaka n'chimodzimodzi cha nkhuku ndi mbuzi, chongokumana pabwalo. Koma munthu wamanyazi akapeza womulankhulira safunsa zambiri. Ngaka analowa m'dengu ndi mwana wake. Podutsa padambo, Ng'azi anasonkhanitsa achule n'kuwaphunzitsa nyimbo. Anawauza mokoma mtima kuti amene savomera akhala ndiwo zake tsiku lomwelo, ndipo achule anaigwira msanga nyimboyo.

Tsiku loyamba bwalo linadzaza. Ng'azi anatula dengu pakati, nakwera n'kukhala pamwamba pa lichero.

"Ngaka ali kuti?" anagunda a Nang'omba. M'dengu muja Ngaka anadzipinda nthawi yomweyo.

"Ndine pano, wawa," anatero Ng'azi.

"Nanga m'dengumo muli chiyani?"

"Katundu wa malemu amuna anga. Satsegula pagulu."

"Pepani, mayi. Tiyambe ndi mtundu. Agogo anga ankati ngaka alibe mano. Tayasamulani."

Ng'azi anayasamula. Mano onse anali atawamata ndi phula, moti m'kamwa munali see ngati mwa khanda.

"Chabwino. Nanga lilime lachita mphanda bwanji?"

"Linang'ambika ndi kulira maliro, wawa. Mbali iyi inkalira abambo a kunyumba, mbali iyi inkalira amayi anga."

Amayi a pabwalo anagwira m'masaya. A Nang'omba anapukusa mutu mwachisoni, koma anapitiriza.

"Ngaka amayamwitsa. Mawere ali kuti?"

Ng'azi anadzuka n'kuonetsa chifuwa. Pamenepo anali atamatapo masau awiri ndi ulimbo, ndipo pa lililonse panali kadontho koyera ka utomoni wa nkhadze. A Nang'omba, pofuna kuonetsa kuti iwo sanamizidwa, anatambasula mlomo n'kulawa. Abale inu! Misozi inatuluka yokha, lilime linatupa, mmero wofiira kale uja unafiira kawiri.

"Mkaka wanji wowotcha chonchi?"

"Wa mayi wamasiye, wawa. Chisoni chimatsikira kumawere."

A Nang'omba, pokhala mbalame, mkaka anali asanaulawepo chibadwire. Koma nduna singanene zotero pagulu.

"Eya," anatero akupukuta misozi, "ndi momwemu ndimaudziwira ine. Mtundu wake ndi womwewo."

Apo Ng'azi anayambitsa nyimbo. Inali nyimbo ya mayi wotsala yekha, yotchula abale ake mmodzimmodzi ndi mmene aliyense anafera, ndipo mzere uliwonse ukatha achule ankavomera mopempha kuti amutsegulire alowe. Inali yokoma, sindikana. Ngakhale anungu analira. M'dengu muja Ngaka ankangomva kung'ung'udza, mawu osawamva.

Atachoka pabwalo Ng'azi anavundukula lichero.

"Zayenda bwanji?" anafunsa Ngaka.

"Akukondani, achemwali. Akuti mamba anu ndi osiririka. Mawa akufuna kudzaona kwanu. Paja una wanu uli pati?"

Ngaka anamulondolera.

Tsiku lachiwiri Ng'azi analawirira kukalowetsa Ngaka m'dengu, nalisiya pafupi ndi una, kenaka anapita kukatenga bwalo lonse. Asananyamuke, a Nang'omba anakumbukira chinthu.

"Agogo ankati ngaka amayenda ndi miyendo iwiri, manja atapinda pachifuwa ngati mkamwini pamaso pa apongozi ake."

"Ndimadikira kuti munene, wawa," anatero Ng'azi.

Anaima ndi miyendo yakumbuyo n'kuyamba kuyenda dzandidzandi, mimba ikugwedera uku ndi uku. Asanapite patali anagwa chafufumimba.

"Mwatani, mayi?"

"Ndikugwadira malo ano. Azakhali anga anafera pompano."

Anagwanso kachiwiri, nati ndi pamene anafera mlamu wake. Pofika kachisanu, bwalo lonse linkangogwada naye limodzi, ndipo ulendo wa kanthawi kochepa unatenga m'mawa wonse.

Powoloka kamtsinje, galu anauwa chapatali. Ng'azi anaiwala zonse. Chubwi m'madzi, zii. Anthu anadikira mpaka ena anayamba kukambirana za maliro. Kenaka anavuuka tsidya lina, nkhanu ili kukamwa.

"Ngaka wa kumtunda kouma akutani m'madzi?" anafunsa a Nang'omba. "Ndipo nkhanuyo?"

Ng'azi anailavulira m'manja.

"Ndinaterereka, wawa. Ndikanamira ine, koma nkhanu iyi ndiyo yandikokera kunja. Ndimaithokoza."

Atatero anaimeza yonse yamphumphu, nati bwenzi lotere salisiya panja anthu oipa angalidye. A Nang'omba anayamikira ulemu wake.

Atafika pa una, zonse zinali m'malo mwake. Dothi louma, chulu chokandidwa ndi zikhadabo, nyerere zili balala. Nanga si unali una wa ngaka weniweni?

"Kwanu ndi kuno, tavomera," anatero a Nang'omba. "Chatsala chimodzi, chachikulu. Tadzipindani."

Apa ndiye panali povuta. Ng'azi wopanda kanthu m'mimba sangadzipinde ngati nkhata, nanji wa mazira makumi anayi. Koma maso ake sanaphethire n'komwe.

"Wawa, ngaka sadzipinda anthu akumuyang'ana. Tsinzinani nonse, muwerenge mofuula mpaka khumi."

Bwalo linatsinzina n'kuyamba kufuula. Ng'azi anapendeketsa dengu, Ngaka anagubuduka n'kukaima pakati pa anthu, ali chopinda gwa chifukwa cha phokosolo. Ng'azi analowa m'dengu n'kudzivundikira. Potsegula maso, a Nang'omba anaona nkhata ya mamba ili pansi. Anaizungulira, anaigogoda ndi mlomo, anayesa kuikanula, osatheka.

"Uyu ndi ngaka weniweni!" anafuula.

Pa mlandu wonsewo, mawu oona amene anatuluka m'kamwa mwa nduna ija anali okhawa. Chule wamkulu, monga Ng'azi anamuuzira, ananena kuti ngaka sadzitambasulanso anthu akumuyang'ana. Anatsinzinanso, anawerenganso, Ng'azi anabwezera Ngaka m'dengu, ndipo potsegula maso anapeza Ng'azi ali pamwamba pa lichero akudziwongola msana. Nyimbo ija inayambanso, achule akuvomera kuti amutsegulire alowe, ndipo ulendo uno nduna yomwe inkavomera nawo ndi mawu ake a mtondo aja.

Anthu atabalalika Ngaka anasuzumira.

"Wina anandigogoda pamsana."

"Ndi moni wa akuluakulu umenewo, achemwali. Sapatsa aliyense."

"Ndiye tilowa liti? Agalu afika kale kutsidya."

"Funso latsala limodzi. Pirirani."

Tsiku lachitatu a Nang'omba analamula kuti ng'oma ilire, abale onse a wopemphayo abwere awerengedwe. Ng'azi sanade nkhawa, poti ankadziwa kuti ngaka wina kulibe. Chimene sanaganizire n'chakuti mbiri inali itafika kumtsinje yoti mlongo wawo akukadya za ulele. Ng'oma isanaleke kulira, fumbi linaoneka. Anali ang'azi: amalume, azakhali, alamu, adzukulu, ena oduka michira, ena ali ndi ndere pamsana, onse pamodzi makumi asanu ndi awiri.

"Mlongo wathu! Usatiiwale!"

A Nang'omba anayang'ana khamulo, anayang'ana wa pa lichero.

"Mayi, awa ndani? Nkhope ndi yanu yomwe."

Ine ndikanakhala Ng'azi ndikanathawa. Iye anadzigwetsa pansi n'kuyamba kugubuduka.

"Mayo ine! Mizimu! Wawa, ng'oma yanu yadzutsa akufa! Awo ndi amalume anga, anadyedwa ndi agalu chaka cha dzombe. Awo ndi azakhali aja tinawagwadira dzulo panjira!"

"Iwe, wapenga?" anakalipa amalume ake. "Ndife amoyo! Sabata yatha yomweyi tinkadyera limodzi mazira a ng'ona!"

"Mwamva, wawa? Akufa amatero. Savomera msanga."

Amalumewo, pofuna kuonetsa kuti ali moyo, anakwapula a Nang'omba ndi mchira m'miyendo. Nduna inalumpha.

"Mzimu umamenya chonchi?"

"Ukakwiya, wawa. Nanga simunauthirire nsembe?"

Pamenepo bwalo lonse linagwada. Anathamangira ufa, anathira pansi, anaomba m'manja, napempha mizimu kuti ibwerere ikagone. Ang'azi aja anakuwa, anatukwana, analumbira pa ana awo kuti akupuma, koma akamakuwa kwambiri anthu ankawonjezera ufa. Potsiriza ataona kuti chakudya chake ndi ufa wokhawokha, aliyense anatola chule mmodzi pa gulu la oyimba lija n'kubwerera kumtsinje.

A Nang'omba anagamula kuti akufa ndi makumi asanu ndi awiri, wamoyo mmodzi. Nyimbo inayimbidwa kachitatu. Ovomera anali atachepa, koma otsalawo anavomera ndi mphamvu zawo zonse, ndipo anungu anatsegula pakhomo.

Asanalowe, Ng'azi anakatula dengu kuthengo.

"Mwapambana, achemwali. Koma akuti mpanda sunathe bwino. Ine ndikukayang'anira ntchitoyo. Adzakuitanani okha, ndipo mukabwera musanaitanidwe, mfumu ikwiya."

"Mulungu akudalitseni," anatero Ngaka. "Popanda inu ndikanatani?"

Ng'azi analowa. Anungu atamubweretsera chiswe iye anachibweza, nati wamasiye sadya chiswe mpaka chaka chithe, amupezere nkhono ndi mazira a nkhanga. Anakumba chulu chija, anaikira mazira ake onse, chiswe chinamata pabowo, ndipo Chiuli ankangozungulira kunja kwa mpanda akumeza malovu.

Ngaka anadikira. Tchire lonse linapsa, pobisala panasowa. Agalu anafukula una wake kawiri, ndipo kawiri konse anapulumukira pa kabowo ka kumbuyo. Tsiku lina mkondo unamuchotsa mamba atatu. Mkaka unachepa, mwana anaonda mpaka ankaterereka pamchira. Koma mayiyu akamva mapazi aliwonse ankayesa ndi mthenga wa mfumu. Pamenepa ndi pamene pamandiwawa ine, chifukwa miyezi yonseyo ankamupempherera Ng'azi kuti ntchito ya mpanda isamutopetse.

Mvula itagwa, m'mawa wina akufuna nyerere pafupi ndi dambo, anamva achule otsala aja akuyimba. Nyimbo ija inali itawalowerera, moti ankangoiyimba popanda wowaopseza. Aka kanali koyamba Ngaka kuimva ali kunja kwa dengu. Anamva dzina lake, anamva za mayi wotsala yekha, kenaka anamva mzere watsopano wonena kuti anamutsegulira, analowa, ndipo akunenepa.

"Pepani," anatero kwa chule wamkulu, "amene analowayo ndani?"

"Ngaka."

"Ngaka ndine."

Chule anamuyang'ana kuyambira kumphuno mpaka kumchira.

"Ooo! Paja inu ndinu katundu wa m'dengu uja?"

Ngaka anakweza mwana pamchira n'kuuyamba ulendo wa kubwalo. Unamutengera masiku atatu, chifukwa nthambi ikathyoka ankadzipinda, njiwa ikauluka ankadzipinda, ndipo akadzipinda kutambasuka kwake kunali kwa mawa.

Pa masiku atatu omwewo, mvula inafewetsa chulu cha mu mpanda, ndipo tiana ta Ng'azi tinatuluka piringupiringu, makumi anayi. Anungu anathamanga kukaitana nduna.

"Mayi," anatero a Nang'omba akuyang'ana zikhokho za mazira, "paja munati mumayamwitsa?"

"Ndinkayamwitsa nthawi ya mavuto, wawa. Koma mwandisunga bwino kwambiri, moti thupi laona lokha kuti kubereka mmodzimmodzi n'kuchedwa. Nzeru zanu izi, si zanga ayi."

Mmero wa a Nang'omba unafufuma. Anathamangira kwa Mfumu Njati kukanena kuti ngaka anali mmodzi, tsopano mwa khama lawo alipo makumi anayi ndi mmodzi. Mfumu inakondwa, inawaveka mkanda, ndipo inagamula kuti ngaka si nyama yosowanso. Anungu anauzidwa kuti azipita kwawo, mpanda uzulidwe, mitengo yake anthu agawane nkhuni.

Ng'azi anathokoza bwalo, nandandalika ana ake kulowera kumtsinje. Panjira anakumana ndi Ngaka.

"Achemwali! Fulumirani, malo ndakusungirani, ndasesa ndi kusesa komwe."

"Munandinamiza," anatero Ngaka.

Ng'azi anaima pang'ono. Kwa nthawi yoyamba sanaseke.

"Inu mwana mmodzi, ine makumi anayi. Mukanakhala ine mukanatani?"

Sanadikire yankho. Anapitirira, tiana tili m'mbuyo.

Ngaka anafika pabwalo anthu akumanga mitolo ya nkhuni.

"Ndinu yani?" anagunda a Nang'omba.

Msana wa Ngaka unayamba kupindika wokha. Iye anazika zikhadabo m'dothi, nagwira zolimba mpaka thupi lonse linkanjenjemera, koma mutu sanaubise.

"Ngaka ndine, wawa. Mano ndilibe, onani. Mwana ndi uyu, akuyamwa. Una munauona uja ndi wanga, ndipo amene munamugogoda pamsana ndine. Amene munamusunga mu mpanda ndi Ng'azi wa kumtsinje, woikira mazira, ndipo abale ake adzaza magombe onse. Anzanga ndawafunafuna dziko lonse lino. Tatsala awiri."

Chibadwire anali asanalankhulepo mawu ambiri chotero.

A Nang'omba anamuzungulira. Anasuzumira m'kamwa, anaona lilime lopanda mphanda, anaona mwana ali pabere, mkaka weniweni uli pamlomo. Anazindikira zonse, pakuti sanali wopusa mpaka pamenepo. Koma kuti avomere, anayenera kukauza mfumu kuti analawa nkhadze n'kuitcha mkaka, kuti anathirira nsembe abuluzi amoyo, ndiponso kuti mkanda uli m'khosiwo aubweze. Anaugwiragwira mkandawo, natsokomola.

"Zoona, mayi, ndinu ngaka. Ndinu ngaka wa mtundu woyamwitsa uja. Tamverani nonse! Tinali nawo makumi anayi ndi mmodzi. Ndi awiri awa, akwana makumi anayi ndi atatu. Akuchulukirachulukira!"

Nthungululu zinamveka bwalo lonse.

"Nanga mpanda?" anafunsa Ngaka.

"Mpanda ndi wa osowa, mayi. Inu mwachuluka. Pitani mukasangalale ndi abale anu."

Ngaka anayang'ana maenje amene munali mitengo ya mpanda, madzi a mvula atadzazamo. Anadikira mwana amalize kuyamwa, anamukweza pamchira, nabwerera njira yomwe anadzera. Palibe anamuperekeza, poti aliyense anali ndi mtolo wake wa nkhuni woti asenze.

Nthano ndaitula pano, amene akuifuna aitole. Ang'azi pitani kumtsinje uliwonse masana, muwamva okha akudziponya m'madzi. Koma ngaka, ine mpaka imvi zonsezi ndamuonapo kamodzi kokha, ndipo anali m'thumba la munthu.